Agogo aNankhoma, Amene Ankasesa M'khoti

Lachitatu, pa 11 Malichi.

Nditaweruka kusukulu lero ndinasoka fodya m'chigafa mpaka zala zinada bii. Tsopano ndakhala pa ndowa yovundikira kuseri kwa khola la mbuzi, komwe palibe wondifunsa zimene ndikulemba. Lero akwana masiku asanu ndi anayi chiikireni m'manda agogo aNankhoma. Mkuja, Lachisanu, ndi tsiku la mlandu wa bambo kukhoti ku boma, ndipo masana ano bambo anena kuti sapita. Akapanda kupita adzatsekeredwa. Ndikufuna ndilembe za agogo ndisanayambe kuiwala mmene ankayankhulira.

Sanali amayi a bambo kapena a mayi. Anali azakhali a bambo. Ana awo awiri anamwalira ali aang'ono, ukwati unatha, ndipo iwo anapita ku Kasungu kukafuna ntchito. Anaipeza yosesa m'khoti la majisitireti. Anasesa mmenemo kuyambira bambo ali mwana mpaka ine nditabadwa, kenaka anapuma n'kubwerera kuno kwa Lukwa.

Sukulu analekeza Sitandade 3. Ankawerenga pang'onopang'ono, pepala atalitalikitsa ndi maso, milomo ikugwedera. Malamulo sanawaphunzire kwina kulikonse. Ankangoti akamaliza kusesa ndi kupukuta tebulo la majisitireti, m'malo mokakhala panja ndi anzawo, ankakhala pa benchi yomalizira pafupi ndi chitseko, tsache lili pakati pa miyendo. Palibe amene ankawathamangitsa. Ankanena kuti munthu wosesa anthu samuona, ndiye amamva zambiri kuposa wina aliyense.

M'mudzi muno anawapatsa dzina lakuti a Jaji. Linali lowaseka. Amuna pa bawo ankati, "Tamuonani jaji wa tsache uyo akudutsa." Koma pepala la kupolisi kapena samani ya kukhoti ikafika pakhomo pa munthu, yemweyo ankadzera njira ya m'chimanga m'mamawa n'kukaodira kwa agogo motsitsa mawu.

Funso lawo loyamba silinkasintha. Sankafunsa ngati munthuyo analakwadi. Ankafunsa kuti tsiku ndi liti. Akalipeza papepalapo ankamuuza mwiniwake kuti alitchule mokweza, alibwerezenso, alibwerezenso. Akatero ndiye ankafunsa amene wapereka pepalalo. Ankafotokoza kuti milandu ili mitundu iwiri. Wina ndi wa iwe ndi mnzako, monga ng'ombe zikadya m'munda kapena mukakangana malire. Winawo ndi umene boma lautenga kukhala wake, monga kuba kapena kuvulaza munthu. Pa mlandu wachiwiriwu, amene unamuvulazayo sakhalanso mwini mlandu. Amangokhala wodandaula ndi mboni. Anthu ankagwedeza mutu ngati amva, koma ambiri sankamva. Bambo anga omwe sanamve.

Chimene agogo ankadana nacho kwambiri chinali mawu akuti "akuti". Pamjigo mayi wina akayamba kuti, "Akuti mwana wa uje ali ndi pakati," iwo ankatula chidebe n'kufunsa, "Akutero ndani? Iwe unaona chiyani?" Amayi ankati akawaona akubwera, nkhani inkasanduka ya mtengo wa sopo. Mayi anga ankawakonda, komabe tsiku lina anabwera kumjigo akung'ung'udza kuti ndi azakhali sungacheze, chilichonse mpaka ulumbire.

Khoti sankalitamanda. Ankati limachedwa, ndipo wosauka limamuchedwera kwambiri. Anaona anthu akukhala pa limandi miyezi, kudikira mlandu ali m'ndende, chifukwa choti panalibe wowafunsira. Ankauza aliyense kuti belo ya kupolisi sagula, ndiponso kuti munthu angathe kupempha yekha belo kwa majisitireti ngakhale alibe loya. Pamaliro awo panabwera bambo wina wa ku Lisasadzi amene sitinkamudziwa. Anapempha kuti ayankhule, n'kunena kuti mwana wake anatuluka pa limandi chifukwa cha mawu amenewo. Amuna a pa bawo aja anamvetsera atazolika.

Za bambo zinayamba mu Novembala, pa mzere wogula feteleza wa makuponi. Linali tsiku lachitatu tikudikira, ndipo kunamveka kuti matumba atsala pang'ono. Ine ndinali pambali pa bambo, nditagwira ambulera. A Gondwe, amene amalima kutsidya kwa dambo, anafuna kulowetsa mlamu wawo patsogolo pathu. Mawu anakula. Bambo anaponya chibakera, a Gondwe anagwera pa mphuthu ya chitseko n'kutemeka pamwamba pa diso. Wapolisi amene ankayang'anira mzere anaona zonse. Anatenga bambo, analemba dzina langa, ndipo a Gondwe anawapatsa kalata yopita nayo kuchipatala.

Bambo anagona m'chitokosi usiku umodzi. M'mawa mwake agogo anavala jekete lawo lachimuna, anatenga chitupa chawo chakale cha kuntchito, n'kukasaina kupolisi kuti iwo ndiwo akuwaimira bambo pa belo. Zimenezi zimatanthauza kuti analonjeza kuti bambo adzaonekera kukhoti pa tsiku lake. Tsikulo linalembedwa papepala, la mu Disembala. Pobwerera anawatchulitsa bambo tsikulo njira yonse.

Kenaka ku Lisasadzi kunagwa maliro a mnzawo wakale, ndipo agogo anapita n'kutsalira komweko kusamala ana amasiye kwa masabata awiri. Iwo kulibe, a Zimba, mkulu wa mpingo wathu, anaitanitsa bambo ndi a Gondwe Lamulungu titaweruka. Bambo anapepesa ndi mtima wonse, ndinaona ndekha maso awo atafiira. Anapereka tambala. A Gondwe anawagwira dzanja n'kunena m'Chitumbuka chawo kuti vyamala, zatha. A Zimba anapemphera, n'kulengeza kuti mlandu watha. Tonse tinakondwa. Pa tsiku la khoti kunagwa mvula yabwino, mudzi wonse unali m'munda kuwokera fodya, ndipo bambo anawokera nawo mpaka madzulo.

Agogo anabwerako patapita masiku awiri. Sanafike n'kunyumba kwawo komwe. Anatipeza m'munda, kathumba kali kumutu.

"Yohane, kukhoti zinayenda bwanji?"

"Zija zinatha kalekale, azakhali. Tinagwirana chanza pamaso pa mpingo."

"Pamaso pa majisitireti?"

"Pamaso pa Mulungu. Kapena majisitireti wanuyo waposa Mulungu?"

"Mulungu satuma apolisi. Pepala lija lili kuti?"

Bambo anawerama n'kuyamba kukwirira mbande imene anali atakwirira kale. Mayi anayesa kudzigwira, koma chiseko chinawapulumuka.

"Analisuta, azakhali."

"Unalisuta."

"Zinali zitatha," bambo anatero chamumtima. "Ndiye pepala lake linali lofewa bwino. Ndinapichirira chingambwe."

"Linakoma?"

Bambo anatola mbande ina. Agogo anatula kathumba, anakhala pa mzere, n'kufotokoza mosakweza mawu. Anati pa tsikulo dzina la bambo linaitanidwa pakhomo la khoti, ndipo popeza panalibe woyankha, majisitireti ayenera kuti analamula kuti bambo akagwidwe. Chikalata chowamangira chili kale kupolisi, chikungodikira wapolisi wokhala ndi njinga. Akawagwira okha, belo yatha, ndipo fodya ameneyu tipalira ndi mayi awiriwiri.

Madzulo ake a Zimba anabwera atamva. Anakwiya ndithu. Anati agogo akufukula nkhani imene Akhristu anaikwirira, ndiponso kuti zaka zonse anakhala ku boma zinawaiwalitsa kuti kukhululuka n'chiyani. Agogo anawalola amalize. Kenaka anati, "Abambo, ntchito yanu munaigwira bwino, mitima yapola. Koma buku la kukhoti silinabwere kutchalitchi Lamulungu lija. Ine ndasesa pansi pa mapazi a anthu ambiri amene kumudzi anakhululukirana, manja ali m'unyolo." A Zimba anachoka osatsanzika. Anatha mwezi osapatsana moni, ngakhale kuti pamaliro a Zimba ndiwo analira kwambiri.

Kutacha tinanyamuka atatu. Ine ndinadabwa kuti anditengeranji, sukulu inali yotseka ndipo kumunda kunali ntchito. Agogo anauza mayi kuti dzina langa apolisi ali nalo, tsiku lina ndidzaitanidwa ngati mboni, ndiye ndi bwino ndikaone chipindacho ndisanaimemo. Anati mwana wamanyazi ngati ine angakomoke asanatchule ndi dzina lake lomwe.

Titafika sanathamangire kwa majisitireti monga mmene bambo ankaganizira. Anayamba kwa kalaliki, kufunsa nambala ya mlandu. Atatero anapita kwa wapolisi woimira boma pa milandu, n'kumuuza kuti munthu amene akumufuna wabwera yekha, ndi uyu. Mayi amene amasesa m'khotimo masiku ano anathamanga kudzawagwadira. Agogo anamuyankha moni bwinobwino, koma maso ali pa kangaude wa pakona ya denga.

Tikudikira pakhonde anawalangiza bambo ngati mwana wopita ku mayeso. Chipewa avule. Manja achoke m'matumba. Majisitireti akamalowa aimirire. Ayankhe chokhacho chimene afunsidwa. Asayambe ulaliki.

"Nanga akafunsa za pepala?" bambo anafunsa.

"Unene zoona. Ukanama kuti linanyowa ndi mvula, akufunsa mvula ya tsiku liti, ndipo iwe sudziwa kunama kawiri motsatizana."

Chipindacho n'chaching'ono kuposa kalasi yathu. Majisitireti anali mayi wachitsikana wovala magalasi, ndipo ndinaona bambo akuphethira kawiri. Ankayankhula Chingerezi, bambo wina pambali n'kumamasulira. Dzina la bambo litaitanidwa analowa m'kabokosi ka matabwa koimamo oimbidwa mlandu. Ankaoneka aafupi mmenemo. Wapolisi uja anafotokoza kuti chikalata chowamangira chinatuluka, koma abwera okha. Majisitireti anafunsa chifukwa chimene sanabwerere pa tsiku lake.

"Ndimayesa zatha, bwana, poti tinakhululukirana."

"Pepala la belo silinanene tsiku?"

"Linanena, bwana."

"Lili kuti?"

Bambo anacheukira kwa agogo. Agogo anangoyang'ana kutsogolo.

"Ndinasuta, bwana."

Womasulira anayamba watsokomola asanamasulire. Anthu anaseka mpaka wapolisi wa pakhomo anawaletsa. Majisitireti anawerama nthawi yaitali ngati akulemba. Atadzutsa mutu anafunsa ngati amene anawaimira pa belo alipo.

Agogo anaimirira. Anandiuza pambuyo pake kuti pa zaka zonse zimene anakhala m'chipinda chimenecho, aka kanali koyamba kuyankhulamo khoti lili mkati, ndipo anachita mantha. Ine sindinaone mantha aliwonse. Anauza khoti kuti munthuyu anamutenga m'manja mwawo, kenaka anachoka kupita kumaliro osasiya womukumbutsa, choncho kulakwa kwina n'kwawo. Anati atangomva anamubweretsa, ndipo adzamubweretsa tsiku lililonse limene khoti linene. Sanaonjezere kanthu.

Majisitireti anafafaniza chikalata chija ndipo analola kuti belo ipitirire. Anati pa mlandu ngati umenewu khoti limalola anthu kuyanjana, koma wodandaulayo ayenera kubwera kudzanena ndi pakamwa pake, khoti limve kuti sanaumirizidwe. Kenaka anayang'ana bambo n'kunena kuti akadzajombanso ngakhale kamodzi, adzadikira mlandu wawo ali m'ndende. Womasulira anabwereza mawu amenewo pang'onopang'ono. Panja agogo anatenga pepala latsopano n'kulipinda m'thumba la jekete lawo. Anati kwa Yohane sasiyako pepala lofewa.

Tinkayesa kuti Januwale zithera pomwepo. A Gondwe anavomera, anapalasa njinga mpaka ku boma, koma tinapeza majisitireti apita ku maphunziro. Kalaliki anatipatsa tsiku lina. Mu Febuluwale majisitireti analipo, a Gondwe analipo, koma wapolisi woimira boma uja anali atasamutsidwa, ndipo watsopanoyo anapempha nthawi ponena kuti failo sinamufike. Pobwerera a Gondwe anayankhula mopsa mtima. Anati iwo ndiwo anatemeka, iwo ndiwo anakhululuka, tsopano iwo omwenso ndiwo akulangidwa ndi maulendo. Anati kachitatu sabweranso. Agogo anali atayamba kale kutsokomola. Tsiku limenelo ananyowa pa kabaza ulendo wonse, ndipo sanadzukenso bwinobwino.

Samani yanga inabwera sabata yomweyo. Inati ndikaonekere Lachisanu likudzali ngati mboni ya boma, mlandu ukapanda kuthetsedwa. Ndinalephera kudya. Agogo anandiitanitsa ali chigonere pamphasa, n'kundiuza kuti ndiime pafupi ndi chitseko.

"Esinati, unaona chiyani pa mzere paja?"

"Bambo anakwiya."

"Mkwiyo suoneka. Unaona chiyani?"

"A Gondwe anafuna kutibera malo."

"Zimene ankafuna sunazione. Maso ako anaona chiyani?"

"Dzanja la bambo linakwera. Linawamenya a Gondwe pa tsaya. Anagwa."

Nditanena zimenezi ndinalira. Ndinati sindikufuna kuti ine ndikhale womangitsa bambo anga. Sananditonthoze msanga. Anadikira, kenaka anati wapolisi anaona, kalata ya kuchipatala ilipo, ndipo bodza langa silingawapulumutse bambo, lingangochititsa kuti khoti lisakhulupirire chilichonse chochokera pakhomo pathu. Atatero anafunsa kuti a Gondwe atagwa ndinaona chiyani. Ndinayamba ndaganiza. Ndinakumbukira kuti bambo anavula malaya awo, anagwada m'fumbi, n'kutsindira pa bala lija, uku akuitana kuti wina abweretse madzi. Wapolisi anachita kuwadzutsa pomwepo.

"Nachonso unachiona," anatero agogo. "Usadzachisiye. Mboni imanena zonse, zowawa ndi zabwino zomwe."

Kuyambira mu Novembala ndinkangoona dzanja lija likukwera. Za malaya ndinali nditaiwaliratu. Usiku umenewo ndinadya, ndipo m'mawa ndinatha kuwayang'ana bambo kumaso. Sindinawathokoze agogo. Ndinangowakonzera bulangete kumapazi n'kutuluka, poganiza kuti mawu ndidzawapeza tsiku lina.

Anamwalirira ku chipatala cha ku boma. Bambo ndiwo anawanyamula m'manja kuwakweza m'galimoto, ndipo masiku onse a maliro sanayankhule ndi munthu. Mayi anapeza pepala la khoti m'jekete muja, atalikulunga m'pulasitiki ya shuga pamodzi ndi samani yanga, n'kundipatsa ine kuti ndisunge.

Masana ano m'chigafa mayi anakumbutsa za Lachisanu. Bambo anapitiriza kupachika fodya. Anati masamba apsa m'munda, akachedwa kuthyola tsiku limodzi awonongeka. Anati a Gondwe sapita, ndiye iwo akatani kumeneko, akangopatsidwa tsiku lina. Anati amene anawaimira anapita, ndipo khoti lomwe limataya mafailo silingakumbukire mlimi mmodzi wa kwa Lukwa. Ndikuganiza kuti si fodya yekha. Ndikuganiza kuti akuopa kulowa m'chipinda chija n'kucheuka osawaona azakhali awo. Mayi anapitiriza kusoka. Ine ndinangoweramira pa singano.

Pobwera kuno ndinadzera kunyumba kwa agogo. Chitseko anachimanga ndi waya. Nkhuku zawo anazigawana, koma imodzi yakuda imabwererabe kudzafukula pakhonde. Mpando wawo wa ndalema anaulowetsa m'nyumba, pangotsala timaenje tinayi pomwe miyendo yake inkaponda, ndi njerwa ziwiri zimene alendo ankakhalira. Maungu awo ayanga mpaka pa njira, palibe wothyola nkhwani. Pabwalo pamene sipankagona ndi tsamba limodzi lomwe pamera kale bonongwe. Ndinaima pamenepo kanthawi, ndipo ndinanena zikomo, ngakhale kuti ndinanena motsitsa.

Mawa ndidzuka kusanache bwino, ndiwoloke dambo ndisanapite kusukulu. Sindinayambe ndayankhulapo ndi a Gondwe kupitirira moni. Ndikagwada pakhomo pawo n'kuwapempha tsiku limodzi lokha, kuti Lachisanu apite nafe kukhoti, ndipo ndikawauza kuti Loweruka ine ndi mayi tidzawathyolera fodya wa tsiku limene ataye. Mayi avomera kale. Avomere a Gondwe kapena akane, ndikabwerako ndikawapeza bambo m'chigafa. Ndikawapatsa pepala lawo m'manja, ndi kuwauza kuti ine Lachisanu ndikupita chifukwa ndaitanidwa, ndipo dzina lawo likamadzaitanidwa pakhomo paja ndidzakhala ndili mkatimo, ndikumva.